Mayi amene anakana kundipatsira mwana

Pa matola mwana ndiye amayamba kukwera, mayi wake pambuyo. Palibe amene anatikhazika pansi n'kutiphunzitsa zimenezi, koma aliyense woyenda msewu wochokera ku Limbe kupita kwathu ku Ndunde ankazidziwa. Mayi akafika pagalimoto ankamasula mbereko n'kumukweza mwana m'mwamba, ndipo amene wakhala pafupi ankangotambasula manja. Sunkafunsa kuti mwanayu ndi wa yani, kapena ngati thewera lili louma. Unkalandira basi, mayiyo n'kuponda patayala, n'kukwera, n'kuyamba kufunafuna pokhala. Nthawi zina mwana ankakhala pamiyendo pako mpaka pa boma, mayi wake atapanikizika kungodya ina ndi matumba a feteleza. Akakukodzera, anthu ankaseka n'kumati wakupatsa mwayi.

Zinali zaka zija matipate atangobwera kumene, mabasi atayamba kusowa m'misewu ya fumbi, aliyense wokhala ndi kapikapu atasanduka wamatola. Ine ndinkapikula tomato, kabichi ndi mbwanda m'madimba akwathu n'kukagulitsa ku Limbe. Ndinkapita m'mamawa madengu atadzaza tho, n'kubwerera dzuwa litapendeka, madenguwo nditawalowetsana, m'katimo muli sopo, mchere ndi kashuga ka ana. Pa zaka zonsezo ndinalandira ana osawerengeka, onenepa ndi owonda, olira ndi oseka, ena onunkhira mafuta, ena onunkha zimene ana amanunkha. Mayi mmodzi yekha ndiye anakana kundipatsira mwana. Mwana wakeyo anali atamwalira m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo mayiyo ankapita naye kwawo atamubereka ngati wamoyo.

Amene umphawi amangoumva angafunse kuti n'chifukwa chiyani. Maliro sayenda ndi anthu wamba, amafuna galimoto yawoyawo ya hayala, ndipo mtengo wake munthu wolima kamunda ka chimanga ndi nandolo sakanaukwanitsa. Wamatola akanadziwa kuti wanyamula mtembo, akanamutsitsa mayiyo pomwepo, kaya ndi pathengo, chifukwa okwera ena amaithawa galimoto yotero, ndipo eni ake amati iyenera kusambitsidwa kaye isananyamulenso anthu. Ndiye mayi ankalimba mtima, n'kubereka mwana wake, kumufunditsa bwinobwino, n'kukwera ngati wina aliyense. Chofunika chinali chimodzi: asalire, ndipo wina asadziwe, mpaka akafike kumudzi. Ndinali nditamvapo kuti zimachitika, monga mmene timamvera zinthu zambiri pamsika, koma ndinali ndisanazionepo ndi maso angawa.

Matola anali ndi malamulo ambiri, ndipo ine ndinali mmodzi wa apolisi ake osalembedwa ntchito. Ndili ndi mtima wapachala, ndinabadwa nawo, ndipo pamsewu umenewo ankandidziwa. Ukakwera umapereka moni, ngakhale wa onse pamodzi. Ukagula chinangwa chophika kapena nthochi pasiteji, umayamba wawaloza oyandikana nawo kuti tiyeni, iwo n'kukana mwaulemu kapena kunyemako pang'ono. Amuna amakhala m'mphepete pachitsulo, amayi pansi pakati pa katundu. Bondo la bambo wachilendo likakugunda chifukwa cha mabampu, nonse mumakhala ngati simunamve, koma likagunda pamene msewu uli wosalala, pamenepo ndiye ine ndinkatsegula pakamwa. Mayina sitinkafunsana. Unkatha kumufotokozera munthu za matenda a amuna ako, za mwana amene walephera mayeso, za apongozi ovuta, n'kusiyana naye pasiteji osadziwa kuti ndi yani.

Masiku ano ndikapita ku Blantyre kwa mwana wanga wamkazi, amanditengera m'nyumba zosanja zija zokwera pa chikepe. M'chikepemo anthu amaima mothinana ngati pa matola pomwe, koma moni mulibe, aliyense maso ali pa manambala a pamwamba pa chitseko. Ulendo woyamba ndinapereka moni, bambo wina n'kundiyang'ana ngati ndamuponda chala. Ndinatuluka ndikung'ung'udza kuti anthu a m'tauni ulemu anausiya kuti. Koma pambuyo pake ndinakumbukira mayi uja, n'kuganiza kuti kusayang'ana nakonso nthawi zina kumamuthandiza munthu. Ife a pa matola zimenezo sitinkazitha kwenikweni, tinali anthu oyang'ana, ofunsa ndi ogwira.

Tsikulo linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali nditakwera kale, nditakhala pamalo anga a masiku onse, pafupi ndi ngodya ya kuseri kwa dalaivala pamene fumbi limachepako. Ndiye kunabwera mayiyo. Anali wachitsikana ndithu, wowonda, wovala nsalu yofwifwa ndi mapatapata, m'manja muli kajumbo kokhala ndi kapu ndi supuni. Mwana kumbuyoko anali atafunditsidwa thaulo ndi shawelo, ndi mutu womwe. Ndinatambasula manja monga mwa nthawi zonse.

"Bweretsani kuno mwanayo, achemwali, mukwere bwino."

"Iyayi, zikomo. Wagona."

"Wagona ndiye bwanji? Ife manja athuwa ali ndi minga?"

Anagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, linalo litachirikiza mwana kumbuyo, n'kukwera yekha movutikira. Ndinapsa mtima. Kwathu kukana kumupatsira munthu mwana kuli ngati kumuuza kuti ndiwe wauve, kapenanso mfiti. Ndinasuntha pang'ono chabe, monyinyirika, iye n'kudzipanikiza pangodyapo, atakhala chammbali, msana utaloza kukhoma la galimoto.

Moyang'anizana nafe, pachitsulo, panakhala bambo wina wa jekete labuluu ndi chipewa, munthu wansangala amene pakamwa pake sipankapuma. Tisananyamuke n'komwe tinali titadziwa kale kuti amagwira ntchito ya ulonda ku Limbe, ndipo akupita kumudzi kukaona mdzukulu wake woyamba. Pambali pake panali agogo ena a mkanjo woyera ndi kachisoti ka Chisilamu, atelala, atakumbatira mutu wa makina osokera wokulunga m'chiguduli. Kondakitala, bambo wamtali wa mawu osasa, anawapempha agogowo kuti akakhale kutsogolo ndi dalaivala, koma iwo anakana, amati makina awo sasiyana nawo. Mpandowo unapita kwa mayi wina wovala bwino wopita pa boma.

Titadutsa nyumba zomaliza za m'tauni, galimoto inagwera m'dzenje, tonse n'kugundana. Phazi la mwana uja linatuluka m'shawelo n'kundikhudza pamkono. Linali lozizira. Sikunali kuzizira kwa mwana amene wangosamba, kapena wa malungo amene thupi lasiya kutentha. Kunali kuzizira kwa mwala wa pamtsinje m'mamawa, pomwe chitsulo cha galimoto chinkatiotcha ndi m'nsalu momwe. Kumpingo kwathu ndine mmodzi wa amayi osambitsa maliro, ndiye kuzizira kumeneko ndimakudziwa.

Ndinamuyang'ana mayiyo, iyenso n'kundiyang'ana. Maso ake anali ofiira koma ouma, milomo itang'ambika. Anaona kuti ndadziwa. Sanapukuse mutu, anangondiyang'ana ngati munthu amene waima pamphepete pa chitsime. Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, m'malo mwake munalowa mantha ndi chisoni. Ndinatenga kaphaziko n'kukabwezera m'shawelo, monga mmene mayi aliyense akanachitira, kenako n'kuweramira kukhutu kwake ngati ndikukonza dengu.

"Liti?"

"M'mawa. Tisanalowe n'komwe pachipata cha chipatala. Ndinangomva kuti walemera."

"Muli nokha?"

"Ndekha. Abambo ake ali ku ntchito ku esiteti."

"Mutsikira pati?"

"Tisanafike pa Ndunde. Pali njira yolowa kumanzere."

"Mukafika. Inu khalani chete, zinazo mundisiyire ine."

Ndinatenga madengu anga n'kuwaimika pakati pa iye ndi anthu, ngati ndikungofuna malo otambasulira miyendo. Ndinkaganiza kuti chovuta chikhala kondakitala. Ndinalakwitsa. Kondakitala anali kalikiliki ndi zake, kuwerenga mitu ndi kukuwira anthu a m'mbali mwa msewu. Chimene chinatsala pang'ono kumugwiritsa mayiyo chinali chifundo cha anthu abwino.

Anayamba ndi bambo wa jekete uja.

"Mayi, mwanayo mumupweteka ndi kutenthaku. Muvundukuleni apumeko kamphepo."

"Wagona, bambo," anayankha mayiyo, maso ali pansi.

"Agone bwanji m'thaulo dzuwa lonseli? Tione kankhope. Ndi wamwamuna kapena wamkazi? Wangayo akuti ndi wamwamuna, akuti mphuno ndi yanga yomweyi, watsoka mwana."

Anthu anaseka. Iye anaweramira kutsogolo, dzanja litalunjika pathaulo. Ndinalimenya dzanjalo, phaa, moti onse anatembenuka.

"Asa! Bambo inu, manja amenewo agwira zingati kuchokera m'mawa? Mwana wa eni akuchokera kuchipatala, adokotala anena kuti asawombedwe mphepo, inu mukuti mumuvundukule panopa? Munaberekapo inu?"

"Ana ndili nawo, mayi, si mmodzi ayi."

"Muli nawo inde, koma analera ndi akazi anu, inu muli ku ulonda kuwodzera pageti la amwenye."

Galimoto yonse inafa nacho chiseko. Bamboyo anabweza dzanja lake n'kuliika pabondo, nkhope itagwa.

"Pepani, mayi. Ine ndimangoti ndithandize. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa bamboyo sanalakwe chilichonse. Anachita zimene ine ndemwe ndikanamudzudzula akanapanda kuchita. Munthu amene amaona mwana akuphikidwa m'thaulo n'kukhala chete, kwathu timamutcha wouma mtima. Koma nthawi yomupepesa panalibe. Ndinaponya nkhani ya kukwera mtengo kwa feteleza, imene pa matola inkayaka ngati udzu wouma, ndipo posakhalitsa aliyense anali ndi mawu ake. Wina ankati kale zinali bwino, wina ankati bwino wake uti, wina ankatukwana ogula nandolo ndi masikelo awo. Bambo wa jekete naye anaiwala manyazi n'kulowa m'nkhanimo. Ine ndinkathira nkhuni moto ukafuna kuzima, kwinaku mkono wanga ukumva mmene mayi uja ankanjenjemerera.

Tinasiya tala n'kulowa msewu wa fumbi. Phiri linali patsogolo pathu, lotuwa ndi utsi wa moto wa m'tchire, minda m'mbali ili yogalauza kale, ikudikira mvula. Ndinkayang'ana zonsezo osaziona. M'mutu mwanga ndinkangowerenga masiteji otsala, ndipo galimoto ikaima kuti wina atsike kapena akwere, mtima unkagunda ngati ndaba.

Pa boma panatsika anthu angapo, pamodzi ndi mayi wovala bwino uja. Dalaivala anatuluka kukathira madzi m'galimoto, ndipo pobwerera anaima pambali pathu akupukuta manja ndi kansanza. Anali munthu wabwino nayenso, tsikulo anthu abwino anachuluka.

"Ndamva kuti kuno kuli mwana wodwala. Mayi wa mwanayo abwere kutsogolo, kumene tikupitaku fumbi ndi loopsa."

Bodza langa lomwe linali litandibwerera. Kutsogolo sukhala utabereka mwana. Uyenera kumumasula, kumutembenuzira kumaso n'kumufungata pamiyendo, dalaivala ali pomwepo akuyang'ana. Komanso mpando wakutsogolo sukanidwa. Munthu wa mwana wodwala akaukana, aliyense afunsa kuti chavuta n'chiyani. Mayiyo anandiyang'ana.

Amene anaimirira ndi agogo atelala aja. Kuchokera ku Limbe anali asanalankhule mawu opitirira moni.

"Adalaivala, sikomo. Mwendo wangawu wachita dzanzi. Mayiyu ngwachitsikana, apirira. Kutsogoloko ndikhale ine."

"Madala," anatero kondakitala, "ku Limbe tinakupatsani mpando womwewo, munakana!"

"Ku Limbe mwendo unali wanga. Pano si wanganso."

Anthu anang'ung'udza. Wina anati ukalamba wopanda manyazi ndi woipa. Bambo wa jekete ndiye anakwiya kwambiri, amati sanaonepo munthu wamkulu akulanda malo a mwana wodwala. Agogowo anakhala ngati sakumva. Ananyamula makina awo aja, amene amati sasiyana nawo, n'kuwaika pamiyendo panga.

"Mayi, mundigwirireko."

Sanandiyang'ane kumaso, ndipo mayi uja sanamuyang'anenso. Anatsika pang'onopang'ono, akutsimphina mwendo umene pokwera unalibe vuto, n'kukalowa kutsogolo. Dalaivala anakweza mapewa n'kuliza galimoto. Mpaka lero sindidziwa kuti agogowo anadziwira chiyani. Mwina anaona mmene kamutu kankagwedezekera pamabampu, mwina anaona nkhope yanga. Ife ndi iwo timapemphera kosiyana, maliro timaika mosiyana, ndipo pamsika timanenana kuti awa ndi otere, awa ndi otere. Koma munthu wamkulu ameneyo analola kuti galimoto yonse imunene kuti ndi wopanda manyazi, chifukwa cha mwana wa munthu amene sankamudziwa.

Ndinapumira m'mwamba, n'kuganiza kuti zovuta zatha. Mtunda wotsala sunali wautali. Koma titayenda pang'ono kuchokera pa boma, mayi wina anatiimitsa ndi dzanja pansi pa mtengo wa bulugama. Anali wonenepa, wansangala, atasenza kamtolo, mwana ali kumbuyo. Galimoto inaima moti ngodya yathu ija inali pamaso pake penipeni. Anatula kamtolo, n'kumasula mbereko, n'kumukweza mwana wake m'mwamba pamwamba pa chitsulo.

"Ndilandireniko, amayi."

Manja anga anali atagwira makina olemera aja, miyendo itapanidwa ndi madengu. Ndisanaganize chochita, manja a mayi wa pangodya uja anali atakwera kale. Sindikhulupirira kuti anaganiza. Manja a mayi amangopita okha. Anamulandira mwanayo n'kumukhazika pamiyendo, mayi wake n'kuzungulira kukakwerera kumbuyo, kumene anakapanikizika pakati pa njinga ndi thumba la makaka.

Anali mwana wa msinkhu womwewo, wongoyamba kumera mano, wa masaya onenepa, dovu likuyenderera pachibwano. Anamuyang'ana mayi wachilendoyo, n'kuseka, n'kumugwira mlomo ndi tizala take. Kenako anachita zimene ana amachita: anakwirira nkhope pachifuwa chake n'kuyamba kufunafuna bere. Ndinaona bulauzi ya mayiyo ikunyowa kutsogolo. Mkaka unali ukutuluka wokha. Chibwano chake chinayamba kunjenjemera, mapewa akukwera ndi kutsika, ndipo kukhosi kwake kunamveka kamawu kakang'ono kamene ndinadziwa kuti kakatuluka konse, ulendo wathera pomwepo. Kondakitala anali ataimirira pafupi, akuyang'ana amene wangokwera.

"Fumbi ili litipha!" ndinakuwa. Ndinasolola nsalu yanga ya paphewa ndi dzanja limodzi n'kuifunditsa pamitu pathu tonse awiri, monga amayi amachitira pamsewu wa fumbi. Palibe amene anadabwa.

M'kati mwa nsalumo munali mdima wofiirira ndi kutentha. Tinalimo anthu anayi, awiri akuluakulu ndi ana awiri. Misozi yake inkagwera pamutu pa mwana wa eni, yambiri, yopanda phokoso. Anali ataluma mlomo wam'munsi mpaka magazi.

"Achemwali, patsala pang'ono," ndinanong'ona. "Mwayenda naye kutali. Musamusiye panjira pano. Bweretsani uyo ndimugwire."

Anapukusa mutu. Anamukumbatira mwana wamoyoyo mwamphamvu, n'kuika mphuno m'khosi mwake, n'kumununkhiza nthawi yaitali. Kenako anayamba kumugwedeza pang'onopang'ono, ndipo pogwedezeka iye, wakumbuyo uja nayenso ankagwedezeka. Ndaona zinthu zambiri zomvetsa chisoni pa moyo wanga, ndaika makolo, ndaika amuna anga, koma chimenechi chimandibwererabe ndikakhala ndekha. Sindinayesenso kumulanda mwanayo. Ndinangogwira nsalu kuti mphepo isaiulutse.

Patapita nthawi anapuma mozama, n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu yangayo. Ndinavundukula. Maso ofiira pamsewu wa fumbi si nkhani, tonse tinali nawo. Mayi wonenepa uja anali atapeza pokhala, ndipo anaitana kuchokera kumbuyo.

"Bweretsani, achemwali, mwavutika, muli ndi wanu kale. Koma wanuyo ndiye wofatsa bwanji! Wangayu salola munthu kupuma."

"Eee," anayankha mayiyo. "Ngofatsa."

Mwana anadutsa m'manja mwa anthu mpaka kukafika kwa mayi wake. Pamiyendo pa mayi uja panatsala popanda kanthu, ndipo anaikapo kajumbo kake kaja n'kukagwira ndi manja onse awiri.

Dzuwa linali litafiira pamene anandigwira bondo n'kuloza kutsogolo. Kumanzere kunali kanjira kolowa pakati pa minda, kolunjika ku nyumba zingapo za udzu zimene zinkaoneka patali pang'ono, pansi pa mitengo ya mango. Ndinagogoda padenga la galimoto m'malo mwake. Ndinapatsira makina aja munthu wina, n'kutsika ine poyamba, kuti pasapezeke wina wotambasula manja. Anatsika chafutambuyo, ine nditachirikiza mwana ndi chikhato changa kunja kwa shawelo. Anali wolemera kuposa mmene mwana wa msinkhu umenewo amalemerera.

Wotsika pa matola timamuuza kuti mukafike bwino, mukapereke moni kunyumba. Anthu ananena zimenezo monga mwa chizolowezi. Ine ndinangomufinya dzanja. Agogo aja kutsogolo anali atayang'ana kumsewu, milomo ikuyenda pang'onopang'ono.

Ndiye bambo wa jekete anaitana.

"Mayi, taimani kaye."

Anapisa m'chikwama chake n'kutulutsa sikono imodzi mwa zimene anagulira a kumudzi kwake. Anaweramira kunja kwa galimoto n'kumupatsira, akundiyang'ana ine cham'mbali ngati akuopa kuti ndimumenyanso.

"Akadzuka mumupatse. Muzimuviikira m'tiyi, ifewe. Achire msanga mwanayo."

Mayiyo anaika kajumbo pansi. Analandira sikonoyo ndi manja awiri, n'kupinda mawondo mwaulemu wonse, monga mmene amayi ake anamuphunzitsira.

"Zikomo, bambo. Muyende bwino."

Anatola kajumbo kake n'kulowa m'kanjira kaja, osathamanga, osacheuka. Ine ndinakwera, kondakitala anamenya chitsulo, galimoto n'kunyamuka. Patsogolo pomwepo panali kamtunda, ndipo kapikapu kathu kokalambako kanakwera mokwawa, moti tinkamuonabe akuyenda pakati pa mizere, shawelo ikuyera kumbuyo kwake. Anadutsa munda woyamba, n'kudutsa wachiwiri. Atafika pamtengo wa mango woyamba, pamene bwalo la kwawo linkayambira, anaima.

Kulira kwake kunatipeza tili pamwamba pa kamtundako. Kunali kulira kumene kunasungidwa kuchokera m'mawa, ndipo kunaposa phokoso la injini. Tinaona amayi akutuluka m'nyumba zija akuthamanga, manja ali kumutu, ndipo mawu ena anayamba kulowa pa mawu ake.

Kondakitala ananditembenukira, kenako n'kuyang'ana kumbali. Mayi wonenepa uja anamukokera mwana wake pachifuwa n'kumupatsa bere, ngakhale mwanayo sankalira.

"Kodi kumeneko kuli zovuta?" anafunsa bambo wa jekete.

Anayang'ana kumudziko, n'kuyang'ana pangodya pamene mayiyo anakhala, n'kuyang'ana dzanja lake lomwe. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono. Atalankhulanso, mawu ake anali aang'ono ngati a mwana.

"Mayi, kuchokera ku Limbe?"

"Kuchokera ku Limbe, bambo."

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Ine ndinalira mpaka ku Ndunde, mokweza, osafunda nsalu, ndipo panalibe amene anandifunsa kuti ndikulira chiyani.